Ululu wa pansi pa nthiti zakumanja

Kwathu ku Machinga ndi ku Balaka, mayi wapakati akatupa mapazi palibe amene amadzidzimuka. Anthu amangoti ndi mmene pakati pamakhalira, ena amachita kumuseka kuti mwina akubwera awiri. Akadandaula mutu amamugulira panado pa okala. Akati pakumupweteka pansi pa nthiti, amati n'chilungulira, kapena mwana akukankha, kapena zilonda za m'mimba zayambiranso. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona, pakuti pakati pamabwera ndi tizowawa tambirimbiri tomwe timatha tokha. Koma pa masiku ambiriwo limakhalapo limodzi limene zizindikiro zomwezi zimakhala zikuchokera kuchiwindi chimene chatsala pang'ono kung'ambika. Ife amene tikuphunzira unamwino, uzamba ndi udokotala tikufuna tikambe za tsiku limenelo, chifukwa oyamba kuliona si ife ayi, koma inu amene mumakhala ndi mayiyo pakhomo.

Ena mwa ife tinakulira ku Ntaja ndi ku Nsanama, ena ku Ulongwe, ku Phalula ndi ku Utale. Tikapita kutchuthi, anthu amatitchula kale kuti adokotala ngakhale sitinamalize maphunziro, ndipo mafunso amene sangafunse kuchipatala amatifunsa ife, tili pamphasa. Ndi pamphasa pomwepo pamene taona kuti matenda amene tikukambawa alibe dzina m'Chichewa, ngakhalenso m'Chiyao. Kuchipatala amawatchula kuti preeclampsia. Kumudzi amangoti BP ya amayi oyembekezera, ndipo dzina limeneli limawachepetsa, chifukwa BP anthu anaizolowera ngati matenda a azigogo, omwa mankhwala n'kumapitiriza kulima. Preeclampsia si kuthamanga kwa magazi kokha. Ndi matenda a thupi lonse, ndipo kukwera kwa BP ndi chizindikiro chimene chimangofulumira kuonekera.

Gwero lake ndi nsengwa. Pakati pakangoyamba, nsengwa imazika mizu m'chiberekero, ndipo imakulitsa timitsempha ta magazi ta mayi kuti tizibweretsa magazi ochuluka kwa mwana. Kwa amayi ena ntchito imeneyi siyenda bwino, timitsempha timakhalabe topanikizika. Nsengwa imayamba kuperewedwa magazi, ndipo imatulutsa zinthu zimene zimalowa m'magazi a mayi n'kumakawononga mkati mwa mitsempha yake paliponse. Mitsempha ikawonongeka imafinyika, ndiye BP imakwera. Imayambanso kudontha, ndiye madzi amathawira m'minofu, nkhope ndi manja n'kutupa. Impso zimayamba kutaya mapuloteni mumkodzo. Ubongo ukakhudzidwa, mutu umawawa kwambiri, m'maso mumachita chidima kapena kuona tinthu tothwanima, kenaka mayi amayamba kukomoka ndi kuphiriphitha ngati wakhunyu, zimene kuchipatala amati eclampsia. Zonsezi zimaoneka pakati pakadutsa masabata 20. BP ikafika 140 pa 90 timakhala tcheru. Ikafika 160 pa 110, moyo wa mayi uli pangozi tsiku lomwelo.

Mayi aliyense akhoza kudwala, koma pali ena amene matendawa amawakonda: wa pakati poyamba, mtsikana wamng'ono, mayi wopitirira zaka 40, woyembekezera mapasa, wodwala kale BP, shuga kapena impso, amene anadwalapo pa mimba yapita, ndi amene mayi ake kapena mchemwali wake anadwalapo. Tikayang'ana mndandanda umenewu timaona kwathu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 735,000 m'boma la Machinga ndi oposa 438,000 m'boma la Balaka. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti mayi wa m'Malawi amabereka ana anayi kapena asanu pa moyo wake, pamene wa ku Machinga amafika asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri, kuposa maboma ena onse. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati, ndipo ku Machinga chiwerengerocho chinali chokwererapo. Lamulo lalikulu la dziko linasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, komabe pa mzere wa sikelo timakumana ndi ana amene akanayenera kukhala m'kalasi.

Tsopano tifike pachiwindi. Amene anasendapo mbuzi akudziwa mmene chiwindi chilili: chofewa, chodzaza magazi, chokutidwa ndi kachikopa kopyapyala konyezimira. Cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chimakhala kumanja, chobisala pansi pa nthiti. Pa magazi onse amene mtima umapopa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limadutsa m'chiwindi. Kachikopa kaja kamatchulidwa ndi dzina la Francis Glisson, dokotala wa ku England amene analemba buku lofotokoza za chiwindi mu 1654. Mnofu wa chiwindi pawokha sumva kuwawa, koma kachikopako kamamva. Ndiye preeclampsia ikafika m'chiwindi, timitsempha take ting'onoting'ono timatsekeka ndi timibulu ta magazi oundana, mbali zina za mnofu zimafa, ndipo magazi amayamba kuchucha mkati. Akachuluka amasonkhana pansi pa kachikopa kaja n'kukatukumula ngati thuza. Ululu umene mayi amaumva pansi pa nthiti zakumanja, kapena pakati pomwe nthiti zimakumana, ndi kukokeka kwa kachikopako. Nthawi zina ululuwo umamvekera paphewa lakumanja, chifukwa mtsempha wa ululu wa pamwamba pa chiwindi umayendera limodzi ndi wa paphewa. Mayi akhoza kumangosisita phewa, vuto lili m'mimba.

Thuza lija likaphulika, magazi amakhuthukira m'mimba, osatulukira kunja. Pachitenje sipaoneka dontho lililonse. Mayi amayamba thukuta lozizira, m'maso ndi m'manja mumayera, mtima umagunda mothamanga, mimba imakula ndi kuuma. Apa pali msampha umene aphunzitsi athu amautchula mobwerezabwereza: BP imene inali pamwamba imatsika. Wosadziwa akhoza kuusa moyo kuti mankhwala agwira ntchito, pamene BP yatsika chifukwa magazi akutha m'mitsempha. Mwana naye amakhala pangozi nthawi yomweyo, pakuti thupi la mayi likayamba kusowa magazi, limayamba lachepetsa opita kuchiberekero.

Vutoli si lachilendo m'mabuku a zachipatala. Dokotala wina dzina lake Abercrombie analemba za kung'ambika kwa chiwindi mwa mayi woyembekezera mu 1844. Koma chithunzi chonse chinaoneka bwino mu 1982, pamene Louis Weinstein wa ku America anafotokoza za amayi 29 amene anali ndi mtundu woopsa wa preeclampsia, n'kuupatsa dzina loti HELLP. Zilembo zimenezi zikuimira zinthu zitatu zimene zimapezeka magazi akayezedwa: maselo ofiira a magazi akusweka, chiwindi chikutulutsa zizindikiro zoti chavulala, ndipo mapulateleti, tizidutswa timene timathandiza magazi kuundana munthu akavulala, achepa. Munthu wabwinobwino amakhala ndi mapulateleti oyambira 150,000 kupita m'mwamba m'kadontho koyezera, pamene wa HELLP amatsika kupitirira 100,000. Apa m'pamene pagona ngozi: chiwindi chikuchucha magazi pa nthawi imene magaziwo alibe mphamvu youndana. Pa amayi 100 alionse amene preeclampsia yawafika poipa, 10 mpaka 20 amafika pa HELLP. Ena mwa iwo BP yawo siikwera kwenikweni, ndipo chimene chimawabweretsa kuchipatala ndi ululu wa pansi pa nthiti, mseru ndi kusanza basi.

Tisakuopsezeni mopitirira. Kung'ambika kwa chiwindi sikuchitikachitika. Mabuku amati kumachitika kamodzi pa amayi 45,000 obereka, ena amati kamodzi pa 225,000. Mzamba akhoza kugwira ntchito mpaka kupuma osakumana nako. Tasankha kukamba za mapeto osowawa chifukwa njira yopita kumeneko ndi yodzaza anthu. Preeclampsia imagwira amayi awiri mpaka asanu ndi atatu pa 100 alionse oyembekezera. Pa dziko lonse, matenda a BP a pa nthawi ya pakati amatenga miyoyo ya amayi pafupifupi 14 pa 100 alionse amene amamwalira chifukwa cha uchembere, ndipo amaposedwa ndi kutaya magazi kokha. Ambiri mwa amayiwa safika pong'ambika chiwindi. Amapita chifukwa cha kukomoka, kuphulika kwa mtsempha wa muubongo, kufa kwa impso, madzi m'mapapo, kapena nsengwa kuchoka pamalo pake mwana asanabadwe. Khomo lolowera ku zonsezi ndi limodzi, ndipo kumayambiriro kwake likhoza kutsekedwa ndi zinthu zotsika mtengo.

Kumapeto kwake n'kumene kumafuna zodula. Mayi amene chiwindi chang'ambika amafunika kulowa kufiyeta mofulumira, mwana atulutsidwe, dokotala wa opaleshoni apanikize chiwindi ndi nsalu zapadera kuti magazi aleke, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri amutsegulenso kuti achotse nsaluzo. Amafunika magazi ambiri, nthawi zina mapaketi oposa 10, pamodzi ndi mapulateleti, komanso bedi la odwala kwambiri lokhala ndi makina othandiza kupuma. Ngakhale m'mayiko amene zonsezi zili pafupi, malipoti a zaka zaposachedwa amaonetsa kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu sapulumuka. Tsono taganizirani mapu a kwathu. Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde, m'mphepete mwa Shire, kumadzulo kwenikweni kwa bomalo. Mayi wa ku Nayuchi, ku Ngokwe kapena ku Chikweo, cha kunyanja ya Chiuta, ali ndi ulendo wa maola kuti akafike kumeneko, ndipo nthawi ya dzinja misewu yafumbi imasanduka phala. Zikakula pa Liwonde kapena pa Balaka, ulendo umapitirira ku Zomba Central, makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa Liwonde, mwinanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Chiwindi chong'ambika sichidikira ulendo wotere. N'chifukwa chake kwathu kuno nkhondo yake timaimenyera koyambirira, thuza lisanatukumuke.

Mmene imamenyedwera tinaona pa chipatala china chaching'ono cha kum'mawa kwa Machinga, kumene ena mwa ife tinkaphunzira ntchito. Chakumasana kunafika mtsikana wa pakati poyamba, pa miyezi isanu ndi itatu, atakwera kabaza, agogo ake akutsatira pambuyo. Chimene ankafuna ndi mankhwala a chilungulira kuti abwerere dzuwa lisanalowe. Mzamba wamkulu wa pamalopo anamuyang'ana kumaso, n'kumufunsa kuti aloze ndi chala pamene pakuwawa. Mtsikanayo analoza pansi pa nthiti zakumanja. Mzamba sananene zambiri. Anamukhazika pansi, anamuyeza BP kawiri, anapempha mkodzo m'kabotolo n'kuviikamo kapepala koyezera. BP inali 170 pa 115, ndipo kapepalako kanasintha mtundu. Pomwepo anatiuza kuti tikonze diripi ndi jakisoni wa magnesium sulphate, iye akuimbira ambulansi.

Agogo aja sanakondwe. Zokambiranazo zinali m'Chiyao, koma m'Chichewa zinamveka motere.

"A nesi, mwanayu wayenda yekha kuchoka panjinga mpaka muno. Matenda sanayambe. Kuchipatala chachikulu akukatani? Amalume ake sakudziwa, mwamuna wake ali kunyanja."

Mzamba anagwada pafupi nawo. "Agogo, mwachita bwino kubwera naye lero. Mukuona akuyenda, koma mkatimu zinthu sizili bwino. Amalume ake tiwaimbira tili panjira, ndipo ndiyankhula nawo ndine. Mukabwerera naye kumudzi usiku uno, ndikuopa kuti mawa mudzabwera naye atanyamulidwa."

Agogo anakhala chete kanthawi, kenaka anamasula kansalu ka m'chiuno, anatulutsa kapepala kolembedwa nambala ya foni n'kupereka. Tinamva pambuyo pake kuti magazi atayezedwa mapulateleti anapezeka otsika, ndipo madokotala anachita opaleshoni usiku womwewo. Mwana anabadwa wochepa thupi, anakhala masiku angapo pachifuwa pa mayi ake m'chipinda cha kangaroo, ndipo onse awiri anatuluka. Chimene chinatikhalira m'mutu n'chakuti zida zimene zinatembenuza nkhaniyi zinali funso limodzi, makina a BP, kapepala ka mkodzo, ndi ulemu umene mzamba anapereka kwa agogo.

Mawu a agogo aja sitikuwaseka, chifukwa ndi mawu a kwathu. Mu 1994, akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti amayi ambiri amafa chifukwa cha kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Kuchedwa koyambako kumachitikira pakhonde pathu. Kwathu mtsikana sadzilamulira yekha pa nkhani ya pakati. Pali amayi ake, anankungwi, mwinimbumba, ndi mwamuna amene mwina ali ku Joni kapena kunyanja ya Chilwa, foni yake yosapezeka. Aliyense amaopa kuti akalamula yekha zinthu n'kulakwika, mlandu udzakhala wake. Pamene mayi wayamba kukomoka, ena amaganiza za khunyu, ena za kulodzedwa, ena amayamba kufunsa ngati wina m'banjamo anayenda njira zosayenera. Mafunso amenewa amadya maola. Njira yabwino ndi yakuti banja likhale pansi pakati pakadali pang'ono, ligwirizane kuti zizindikiro zoopsa zikaoneka, aliyense amene ali pafupi ali ndi chilolezo chonyamuka naye, enawo amva ali panjira. Ligwirizanenso za njinga yamoto ya ndani, ndalama ya mafuta ili kuti, ndi amene adzakhale gadiyani.

Dziko lathu layenda ulendo wautali pa uchembere. Kafukufuku wa 2000 anapeza kuti amayi 1,120 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Mu 2004 anali 984, mu 2010 anatsika kufika 675, ndipo mu 2015 mpaka 2016 anali 439. Boma linaletsa azamba a kumudzi kubereketsa mu 2007, ndipo mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ntchito ya uchembere wabwino imene mafumu monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu anaitsogolera, nyumba za chidikiro n'kumangidwa m'zipatala zambiri. Ku Balaka komweko n'kumene kunayambira Chipatala cha pa Foni mu 2011, pamene bungwe la VillageReach ndi Unduna wa Zaumoyo anatsegula nambala yaulere yoti amayi oyembekezera ndi olera ana azifunsirapo malangizo, ndipo pambuyo pake inafalikira dziko lonse. Lero amayi ambiri amachirira kuchipatala. Koma preeclampsia imafuna zoposa kuchirira kuchipatala, chifukwa imayamba masabata ambiri tsiku lochira lisanafike, ndipo poyamba siipweteka. Mayi amene BP yake yakwera akhoza kumasinja, kumatunga madzi, osamva kanthu. Imapezeka ndi makina okha.

Apa m'pamene sikelo imaonetsa phindu lake. Kuyambira 2016, bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu pa nthawi ya pakati, koyamba miyezi itatu isanathe. Kwathu ambiri amabisa pakati mpaka pataonekera, kuopa maso a anthu, ndiye amayamba sikelo mochedwa. Kuyamba msanga kumathandiza kuti azamba adziwe BP ya mayi ya masiku onse, kuti ikadzasintha adzazindikire. Kumathandizanso kuti amene ali pachiopsezo chachikulu ayambe msanga kumwa aspirin wa mlingo wochepa tsiku ndi tsiku, amene amachepetsa mpata wodwala, ndiponso mapiritsi a calcium kumene chakudya chilibe mchere umenewu wokwanira. Mankhwalawa ndi olembedwa ndi achipatala, si ogula pa okala. Ulendo uliwonse wa kusikelo, mayi ali ndi ufulu wofunsa kuti, "BP yanga lero ili bwanji?" ndi kuona kuti nambalayo yalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Mwamuna kapena gadiyani amene amatha kuwerenga azitsegula bukulo kunyumba. Nambala yapamwamba ikafika 140, kapena yapansi ikafika 90, afunse kuti achipatala anena zotani ndipo abwererenso liti.

Matendawa akapezeka, chithandizo chilipo, ndipo chinayesedwa mokwanira. Kafukufuku wamkulu wotchedwa Magpie, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, ndipo anapeza kuti magnesium sulphate amachepetsa kukomoka ndi theka, mwinanso kuposa. Ndi jakisoni wowawa, wobaya m'matako onse awiri, ndipo mayi amamva kutentha thupi lonse, koma ndi wotsika mtengo ndipo mzamba wa pachipatala chaching'ono amaloledwa kubaya woyamba asanatumize wodwala. Palinso mankhwala otsitsa BP monga hydralazine, nifedipine ndi methyldopa. Koma onsewa amangogula nthawi. Popeza gwero ndi nsengwa, matendawa amayamba kutha nsengwayo ikatuluka. Ichi n'chifukwa chake madokotala nthawi zina amauza banja kuti mwana abadwe lero ngakhale masiku ake sanakwane. Ndi uthenga wolemera, ndipo taonapo azibambo akupempha kuti adikire sabata imodzi yokha kuti mwana akhwime. Pempholi limachokera m'chikondi. Koma pamene chiwindi chayamba kuvulala ndipo mapulateleti akutsika, kudikira sikuthandiza mwana, chifukwa nsengwa yodwala siimudyetsanso bwino, ndipo moyo wake wamangirira pa moyo wa mayi ake.

Chinanso chimene mabanja ambiri sadziwa n'chakuti ngozi siithera pa kulira kwa mwana. Pafupifupi amayi atatu pa khumi alionse a HELLP amadwala atachira kale, makamaka m'masiku awiri oyamba, ndipo preeclampsia ikhoza kuonekera ngakhale patapita masabata. Iyi ndi nthawi imene maso onse amakhala pa khanda, alendo akubwera ndi sopo ndi zitenje, mayi ali chikhalire m'chikuta. Akadandaula mutu amati ndi tulo, akadandaula m'mimba amati ndi zam'mimba za uchembere. Mayi wongochira kumene akamva mutu waukulu, chidima m'maso, kubanika, kapena ululu pansi pa nthiti, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale anatuluka dzulo.

Tisaganize kuti awa ndi matenda a osauka okha kapena a anthu ofooka. Allyson Felix, katswiri wothamanga wa ku America, anapezeka ndi preeclampsia yoopsa mu 2018 pakati pali pa masabata 32, ndipo anachitidwa opaleshoni yamwadzidzidzi. Anapulumuka chifukwa anapita kukayezetsa mwa nthawi zonse, achipatala n'kuona BP. Mnzake Tori Bowie, amene anapambana naye limodzi mendulo yagolide pa mpikisano wa Olympics ku Rio mu 2016, anapezeka atamwalira kunyumba kwake ku Florida mu 2023 ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo lipoti la achipatala linatchula eclampsia ngati chimodzi mwa zimene zikanachititsa. Anali ndi zaka 32. Ngati thupi la mmodzi mwa akazi othamanga kwambiri pa dziko silinathe kudziteteza, mlongo wathu wa ku Mpiri sitingamuuze kuti alimbe mtima.

Pali mbali ina imene ikutikhudza ife ophunzira mwachindunji, ndiyo magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, lili ndi nthambi ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Balaka. Ambiri amene amapereka magazi mwaufulu m'dziko muno ndi ophunzira a m'sukulu ndi m'makoleji, ndipo n'chifukwa chake magazi amachepa sukulu zikatsekera. Mapulateleti ndiye savuta kuwonongeka, amasungika masiku asanu okha. Mayi wa HELLP amene akulowa kufiyeta usiku amadalira munthu amene anatambasula mkono sabata yomweyo, munthu amene sadzamudziwa. Galimoto ya a magazi ikafika pakoleji pano kapena pa tchalitchi, ife amene tili ndi thanzi tisamazembere kuseri kwa makalasi. Mipingo nayo ikhoza kuitana a magazi pa miyezi ya tchuthi, pamene ana asukulu kulibe.

Kwa abale ndi alongo a mumpingo, tikudziwa kuti uthenga wa matenda ukafika, choyamba timagwada, ndipo n'koyenera. Pempho lathu n'lakuti pemphero liziyenda limodzi ndi wodwalayo, lizichitikira m'galimoto ndi pakhonde la chipatala, m'malo momusunga kunyumba kudikira kuti akulu a mpingo afike. Ngakhale likhale Sabata, mapemphero ali mkati, mayi wapakati akanong'oneza mnzake kuti m'maso mwachita mdima, amene ali ndi galimoto atuluke naye. Amayi a Dorika amalowa m'makomo amene achipatala safikamo, ndipo amadziwa amene ali ndi pakati mwezi woyamba womwe. Mpingo umodzi ukhoza kusonkha ndalama yogulira makina a BP a mabatire, n'kupempha namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti aphunzitse anthu awiri atatu kayezedwe koyenera. Makinawo salowa m'malo mwa sikelo, koma akhoza kutumiza mayi kuchipatala masiku angapo msanga.

Kwa ife ophunzira, ntchito yoyeza BP pa mzere wautali wa sikelo ndi imene imaoneka yotsika kuposa zonse, ndipo kawirikawiri imapatsidwa kwa wophunzira. Tiziigwira ngati kuti moyo wa munthu wagona pamenepo, chifukwa nthawi zina umagonadi pamenepo. Mayi akhale pansi apume kaye, mkono ukhale molingana ndi mtima, lamba akhale woyenera kukula kwa mkonowo, ndipo nambala tilembe imene taiona. Ikakwera, tiyezenso, tiyeze mkodzo, tiuze wamkulu nthawi yomweyo. Mayi wapakati popitirira miyezi isanu akanena za chilungulira, tisanatambasule dzanja kutenga botolo la mankhwala, timufunse aloze pamene pakuwawa.

Inu a kunyumba, zoti musunge n'zochepa. Mutu waukulu wosamva panado. Chidima kapena tinthu tothwanima m'maso. Kutupa kwa nkhope ndi manja kobwera mwadzidzidzi. Ululu pansi pa nthiti zakumanja, pakati pa nthiti kapena paphewa lakumanja, makamaka ukabwera ndi mseru ndi kusanza. Kubanika, mkodzo kuchepa, mwana kusiya kusewera m'mimba, kukomoka. Chimodzi chokha mwa izi, mwa mayi wapakati kapena wongochira kumene, n'chokwanira kunyamuka, usana kapena usiku. Akakomoka, mugonekeni chammbali cha kumanzere, musamuike kanthu m'kamwa, musamumwetse chilichonse, ndipo thamangani naye. Mukafika, nenani mawu awa kwa woyamba amene mwakumana naye: ndi woyembekezera, akumva kuwawa pansi pa nthiti, chonde muyezeni BP. Mukapezeka kuti chinali chilungulira chabe, mwataya ndalama ya kabaza ndi tsiku limodzi la kumunda, ndipo palibe mzamba amene adzakudzudzuleni chifukwa chobwera.